Achemwali anga sanabere mayeso

Mu Disembala wapitayu achemwali anga anabwera kutchuthi kuchokera ku England, komwe akhala zaka zinayi tsopano akugwira ntchito yosamalira okalamba. Titapita kukawachingamira ku Chileka, amayi anawapitirira. Sindikukokomeza ayi. Anawayang'ana kumaso, n'kupitiriza kusuzumira pakhomo lotulukira, kudikira mwana wawo wonenepa uja. Achemwali anali atatsika ndi makilogalamu 19.

Kunyumba kunali kutaphedwa nkhuku yachikuda. Panali nkhwani wotendera, nyemba, ndi nsima ya ufa woyera umene amayi anakonola okha. Anawaomolera mitanda itatu monga ankachitira kale. Achemwali anadya theka la mtanda umodzi, ntchafu ya nkhuku ndi masamba pang'ono, basi n'kupempha madzi osamba m'manja. Patebulo panangoti zii. Kenaka azakhali anandikodola, tinalowa m'khitchini, n'kundifunsa monong'ona: "Iwe, mkulu wakoyu anakayezetsa koma?" Palibe Mmalawi amene angafunse kuti kuyezetsa chiyani.

Madzulo ake achemwali anaona kuti manong'onong'o achuluka. Anatsekula firiji, n'kutulutsa kanthu kooneka ngati bolopeni yonenepa, n'kuuza onse amene anali pabalaza kuti amadzibaya jakisoni kamodzi pa sabata, Lamlungu lililonse, ndipo anawalembera ndi dokotala. Ndi amodzi mwa mankhwala aja mwakhala mukuwamva pa TikTok, a gulu la Ozempic, Wegovy ndi Mounjaro. Msuweni wathu wina, amene amanyamula zitsulo m'mawa uliwonse ndipo salola kuti aliyense aiwale zimenezo, ndiye anayamba kuyankha: "Aaa, ndiye mwaberatu asisi! Anzanu tikukhetsa thukuta, inu mwangodutsa chidule." Anthu anaseka. Achemwali nawo anaseka, kuseka kuja ndakudziwa kuyambira ndili mwana, kwa munthu amene akufuna kuti nkhani ithe msanga.

Ine sindinaseke, ndipo mpaka lero mawu amenewa akundiwawa. Ndawamvanso pasukulu pano, kuhostel, ndi m'magulu a WhatsApp nthawi iliyonse wina akaponya chithunzi cha munthu wotchuka amene waonda. Wabera. Ndi waulesi. Akanangotseka pakamwa. Ife ophunzira kubera timakudziwa bwino. Wobera ndi amene walowa ndi likasa m'chipinda cha mayeso, n'kulanda malo a mnzake amene anachezera usiku wonse akuwerenga. Kuti pakhale kubera pamafunika mayeso, woyang'anira, ndi malo ochepa olimbirana. Tsono ndiuzeni: achemwali anga alanda malo a ndani? Ndani wanenepa chifukwa choti iwo aonda? Mayeso amenewa anakonza ndani, ndipo msuweni wanga anamulemba ntchito yoyang'anira ndi ndani?

Ndiyambe ndi kudziulula ndekha. Ine ndimadya chipisi cha pachiwaya pafupifupi tsiku lililonse. Mandasi awiri m'mawa, Fanta masana, ndipo nsima ndimamaliza mitanda itatu popanda kupuma. Sikelo yanga yaima pa makilogalamu 52 kuyambira ndili Fomu 3. Palibe anandinenapo kuti ndine wosusuka. Ena amandiyamikira kuti ndimadzisamala, ine n'kumangovomera ngati pali chimene ndinachita. Achemwali anabadwa m'mimba imodzimodziyo, anakulira pa mphika umodzimodziwo, koma ali Sitandade 5 anali atapatsidwa kale dzina loti Duntu. Nanenso ndinkawaitana choncho tikayambana, chifukwa ndinkadziwa kuti ndi pamene pamawawa. Ndinawaona akumwa madzi otentha a mandimu m'mamawa, akusiya nsima yamadzulo kwa miyezi, akuthamanga kusanache kuti anyamata apamsewu asawaseke, akugula tiyi woondetsa amene ankangowatsekula m'mimba. Ankatsika makilogalamu 6 kapena 8, chaka chisanathe onse abwerera ndi ena apamwamba. Ngati kudziletsa kukanakhala mayeso, iwo akanakhoza bwino kwambiri, ine n'kubwereza kalasi. Koma wolandira ulemu ndinali ine.

Bambo athu anamwalira ndi matenda a shuga ali ndi zaka 54, atadulidwa kale zala ziwiri zakuphazi. Chaka chathachi dokotala anauza achemwali kuti shuga wawo wafika pamalire, BP yakwera, ndipo mawondo anali atayamba kale kukana ntchito yonyamula okalamba. Ali ndi zaka 33. Msuweni wanga zimenezi sanafunse.

Kodi jakisoniyu amachita chiyani m'thupi? Ambiri amene amamunyoza amaganiza kuti amasungunula mafuta munthu ali gone. Si choncho. Tonsefe tikadya, matumbo athu amatulutsa homoni yotchedwa GLP-1. Imauza kapamba kuti atulutse insulin, imachedwetsa chakudya kuchoka m'chifu, ndipo imafikitsa uthenga ku ubongo kuti wakhuta, siya. Homoni yachibadwayi imatha mphamvu pa mphindi zochepa chabe. Akatswiri anapanga chinthu chofanana nayo chimene chimakhalitsa m'magazi. Oyamba mwa mankhwala amenewa, exenatide, anavomerezedwa ku America mu 2005, ndipo nzeru yake inachokera ku malovu a buluzi wina wa m'chipululu wotchedwa Gila monster. Semaglutide, wopangidwa ndi kampani ya ku Denmark ya Novo Nordisk, amakhala m'thupi pafupifupi sabata. Anavomerezedwa mu 2017 ngati mankhwala a shuga pa dzina la Ozempic, ndipo mu 2021 ngati mankhwala a kunenepa kwambiri pa dzina la Wegovy. Munthu amaonda chifukwa akudya zochepa, ndipo akudya zochepa chifukwa uthenga wa kukhuta ukumufika. Palibe matsenga.

Pali kafukufuku mmodzi amene ndikanakonda msuweni wanga atamumva. Anasindikizidwa mu 2021 m'magazini ya madokotala ya New England Journal of Medicine. Anthu 1,961 onenepa kwambiri anawagawa pawiri, ena n'kumabayidwa semaglutide, ena jakisoni wopanda mankhwala, popanda aliyense kudziwa kuti ali mbali iti. Onse analandira uphungu wofanana wa kadyedwe ndi masewera olimbitsa thupi. Patatha masabata 68, a mankhwala enieni anali atatsika pafupifupi 15 peresenti ya kulemera kwawo, enawo 2.4 peresenti yokha. Taganizirani bwino. Khama linali lofanana mbali zonse ziwiri, malangizo ofanana, kufunitsitsa kofanana. Chinasiyana ndi homoni imodzi. Ngati vuto likanakhala ulesi, jakisoni sakanalithetsa, pakuti palibe mankhwala a ulesi. Akanakhalapo bwenzi tonse tikubayitsa sabata ya mayeso.

Zoti thupi limalimbana ndi munthu wofuna kuonda zinadziwika kale. M'zaka za 1944 ndi 1945, katswiri wina dzina lake Ancel Keys, ku yunivesite ya Minnesota, anatenga anyamata 36 athanzi amene anadzipereka okha, n'kuwachepetsera chakudya ndi theka kwa miyezi isanu ndi umodzi. Anaonda ndithu. Koma mitu yawo inadzaza chakudya chokhachokha. Ankawerenga mabuku ophikira ngati nthano, ankanyambita mbale, ankakwiya msanga, ndipo atawamasula ambiri ankadya osadziwa polekezera. Agogo athu amene anaona njala ya 1949 ndi makolo athu amene anaona ya 2002 safunika katswiri kuti awauze zimenezi. Chimene timaiwala n'chakuti thupi silisiyanitsa pakati pa chilala ndi dayeti. Likaona chakudya chachepa limaliza belu, limawonjezera njala, limayamba kuumira mphamvu. Mu 2016 akatswiri anatsatira anthu 14 amene anaonda kwambiri pa pulogalamu ya pa TV ya ku America ya The Biggest Loser, anthu okhetsa thukuta kuposa msuweni wanga kakhumi. Patatha zaka zisanu ndi chimodzi ambiri anali atanenepanso, ndipo matupi awo ankawotcha makalori pafupifupi 500 ochepera patsiku poyerekeza ndi mmene zimayenera kukhalira pa msinkhu wawo. Ngakhale Oprah Winfrey, mayi wokhala ndi ndalama zolembera ophika ndi aphunzitsi a jimu ochuluka mmene angafunire, amene mu 1988 anakoka kangolo ka mafuta pa TV kusonyeza zimene anataya, anadzavomera mu 2023 kuti akugwiritsa ntchito mankhwala. Zaka 35 akulimbana. Ndiye wina ndi zitsulo zake ziwiri za simenti akuti nkhani ndi khama.

Usiku wina tili chigonere m'chipinda chathu chakale, ndinawafunsa achemwali kuti zimamveka bwanji. Anati: "Iwe ukudziwa wailesi ya amayi ija imalira tsiku lonse, mpaka umaiwala kuti ikulira? Ine m'mutu mwanga munali wailesi yotero. Ndikudya chakudya cham'mawa ndikuganiza kale za masana. Ndili m'kalasi ndikuganiza za mkute watsala mu mphika. Ndili pamaliro a bambo ndinkaganiza kuti kodi nsima apereka nthawi yanji, ndipo ndinadzida. Sabata yachiwiri nditayamba jakisoni, wina anangoizimitsa. Ndinakhala pabedi n'kulira. Ndinati kani anzanga mumakhala chonchi? Kani m'mutu mumatha kukhala bata?" Azungu phokoso limeneli analipatsa dzina, amati food noise. Ine sindinalimvepo m'moyo wanga wonse. Ndikakhuta ndimaiwala kuti padziko pali chakudya mpaka njala idzandikumbutse. Ndinkayesa kuti aliyense ali choncho, ndipo amene sali choncho ndi wadyera. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ife amene sitinamve tinali pambali, kumuuza wodwalayo kuti apirire mpaka kuche.

Ndikanakhala wotsatsa malonda ndikanalekera pamenepa. Koma nkhani ya achemwali ndi chakudya sinathere pa chimwemwe, ndipo wonena kuti adutsa chidule sanaone njirayo.

Miyezi iwiri yoyamba inali ya nseru. Fungo la mafuta okazingira linkawathamangitsa m'khitchini. Masiku ena kudzimbidwa, masiku ena kutsekula. Izi ndi zodziwika pa mankhwala onse a gulu limeneli, ndipo pali zina zoopsa ngakhale sizichitika kawirikawiri, monga miyala ya m'ndulu ndi kutupa kwa kapamba. Munthu akamaonda msanga chotere minofu nayo imapita, osati mafuta okha, n'chifukwa chake achemwali amayamba ndi nyama, mazira kapena nyemba, nsima pambuyo ngati malo atsala, ndipo amapita ku jimu kawiri pa sabata. Inde, ku jimu komweko. Akadya mbamu ziwiri zopitirira muyeso amagona akubuula. Amalipira pafupifupi mapaundi 200 mwezi uliwonse kuchokera m'thumba mwawo, ndalama ya maola ambiri osambitsa ndi kutembenuza nkhalamba za eni.

Koma chimene chinawapweteka kwambiri si nseru. Anandiuza kuti zaka zinayi zonsezo ku England ankalota nsima ya amayi ndi chambo chootcha. Atafika, chambo chili pamaso pawo, kukoma ankakumva ndithu, koma chikoka chija panalibe. Zinali ngati kukumana ndi chibwenzi chakale n'kupeza kuti mtima sukugundanso. Chakudya chinali mdani wawo kwa zaka zambiri, komanso chinali bwenzi limene linkawatonthoza akatopa, akasungulumwa m'kachipinda kozizira, akanyozedwa kuntchito. Wailesi itazima anatsala okha ndi zinthu zimene inkaphimba. Anayamba kuimba foni kunyumba kawirikawiri, ife n'kumadabwa kuti kwagwanji.

Ndiye pali amayi. Amayi anga sananenepo kwa mwana wawo aliyense kuti ndimakukonda, ndipo sindikuganiza kuti adzanena. Amanena ndi chipande. Ukakhoza mayeso, mtanda wowonjezera. Ukadwala, phala la mgaiwa lothira nsinjiro. Ukalakwa n'kukhululukidwa, umadziwira pa chiwalo cha nkhuku chimene chagwera m'mbale yako. Kwathu kuno mlendo akakana chakudya timati watinyoza kapena akutiganizira zoipa, nanji mwana wobereka wekha. Mtanda uliwonse umene achemwali ankabweza, amayi ankaumva ngati mawu. Tsiku lachitatu ndinawapeza kuseri kwa nyumba akupukuta maso ndi chitenje, akuti, "Kapena nsima yanga siikomanso. Anazolowera za azungu." Achemwali atamva anadzikakamiza kumaliza mitanda iwiri madzulo amenewo kuti amayi asangalale, ndipo usiku wonse anachezera kubafa. Ameneyu ndiye munthu mukuti wapeza njira yophweka.

Pakamwa pathu Amalawi pali vuto pa nkhani ya matupi a anthu, ndipo tivomereze. Moni wathu weniweni ndi sikelo. "Wanenepatu, akukusunga bwino!" "Mwaondatu, mukudwala?" Kwa nthawi yaitali kunenepa kunali chizindikiro cha ndalama, cha banja labwino, cha ubwana. M'zaka zimene Edzi inkakolola anthu, boma lisanayambe kupereka ma ARV aulere mu 2004, kuonda kunasanduka chiweruzo cha imfa, ndipo tinali ndi dzina lake, kaliwondewonde. Funso la azakhali m'khitchini muja linachokera kumeneko, ndipo sindiwaimba mlandu kwambiri, anaika m'manda abale ambiri. Koma taonani msampha umene mtsikana wa lero alimo. Kumudzi akaonda akuti akudwala kapena mwamuna akumuzunza. M'tauni ndi pa Instagram akanenepa akuti wadzitayirira. Mumsika womwewo, benchi ina ikugulitsa tiyi wophwetsa mimba, benchi yoyandikana nayo ikugulitsa timapiritsi tonenepetsa, timene nthawi zambiri ndi cyproheptadine, mankhwala a ziwengo amene amangowonjezera njala ndi tulo. Tikufuna akhale ndi mbina koma wopanda mimba, adye kuti asanyoze ophika koma asaoneke kuti amadya. Akalephera timuseke. Akapeza thandizo kwa dokotala timuseke kuti wabera. Ndayesa kufufuza khomo limene tamusiyira kuti atulukire ndipo sindikulipeza.

Ndikuganiza kuti chimene chimatipweteka n'chakuti sanavutike mokwanira pamaso pathu. Timafuna munthu wonenepa alape poyera: athamange tikumuona, atuluke thukuta, akane keke paukwati ife tikudya, ndiye timukhululukire. Akaonda popanda mwambo umenewu timamva ngati watibera chilango chimene tinamukonzera. Ndipo ife oonda mwachibadwa tili ndi chathu chotaya. Ngati kukhuta ndi nkhani ya homoni, ndiye kuti mendulo imene takhala tikuvala si yathu.

Ena amene amaoneka ozindikira amabweretsa mfundo ina. Akuti mankhwalawa ndi achinyengo chifukwa ukasiya umanenepanso. Mbali yoyambayo ndi yoona. Anthu a m'kafukufuku uja atawatsatira chaka chimodzi atasiya jakisoni, anali atabweza magawo awiri mwa atatu a makilogalamu amene anataya. Achemwali akudziwa zimenezi ndipo zimawasowetsa tulo, chifukwa ntchito yakunja ilibe chitsimikizo. Koma kodi azakhali akasiya mapiritsi a BP, BP siikwera? Wa ma ARV akasiya? Ine ndikavula magalasi sindiona pa bolodi, ndipo palibe anandiuzapo kuti magalasi ndi chinyengo, ndilimbikire kuyang'anitsitsa. Kubwerera kwa thupi mankhwala akasiyidwa kukungotsimikiza kuti vutoli ndi lokhalitsa, ngati shuga ndi BP. Ndipo phindu lake si la pagalasi pokha. Kafukufuku wina wa anthu oposa 17,000 onenepa amene anali kale ndi matenda a mtima, wotuluka mu 2023, anapeza kuti semaglutide anachepetsa ndi 20 peresenti ngozi monga sitiroko, kudwala mtima mwadzidzidzi ndi imfa zochokera ku matenda a mtima. Mwana wa munthu amene anafa ali ndi zaka 54 ali ndi ufulu woiganizira nambala imeneyi popanda kupempha chilolezo kwa msuweni.

Mfundo imene imandivuta kwenikweni ndi ina, ndipo anandiponyera ndi mnzanga wa m'kalasi amene ndimamulemekeza. Anati, "M'dziko limene mu Malichi 2024 maboma 23 mwa 28 analengezedwa kuti ali pa ngozi ya chilala, iwe ukulemba zoteteza munthu wolipira ndalama kuti asamve njala? Pano pomwe pali anzathu amene amadya kamodzi patsiku loni ikachedwa." Ndinakhala chete nthawi ndithu, chifukwa n'zoona kuti pali china chake chonyansa m'dziko lapansi limene ena akugula njala yochepa pamene ena akusowa chothetsera njala yawo.

Koma theka la mtanda limene achemwali akanadzikakamiza kumeza silikanafika kwa mwana wa ku Nsanje. Ndipo Malawi amene mnzangayo akumunena, wa anthu oonda okhaokha, kulibe. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 pa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira. Kafukufuku yemweyo anapeza kuti amayi 21 pa 100 aliwonse ndi olemera kupitirira muyeso, ndipo m'matauni ndi 36 pa 100. Mavuto awiriwa nthawi zina amagona m'nyumba imodzi, mayi wonenepa ndi mwana wopinimbira, chifukwa chotchipa ndi chimene chimakhutitsa popanda kumanga thupi: ufa woyera, shuga, mafuta obwereza kukazingira, zakumwa zotsekemera. Mayi wogulitsa mandasi ku Ndirande amene miyendo yatupa ndipo shuga wamugwira si bwana. Tikamanena kuti kunenepa ndi matenda a anthu olemera, ameneyu ndiye timamusiya panja, n'kudzamuona ku wodi akudulidwa phazi.

Ngati mukufuna pokwiyira, ndikuonetseni. Wegovy atatuluka ku America mtengo wake unali pafupifupi madola 1,350 pamwezi. Mu 2024 akatswiri ena, mogwirizana ndi bungwe la Médecins Sans Frontières, anawerengera kuti semaglutide wa mwezi wathunthu angathe kupangidwa ndi ndalama yosakwana madola 5, phindu lili momwemo. Mu 2023 Novo Nordisk inakhala kampani ya mtengo wapatali kuposa ina iliyonse ku Ulaya. Pa nthawi yomweyo odwala shuga m'maiko ambiri, amene mankhwalawa anapangidwira poyamba, ankawasowa m'mafamase chifukwa ofuna kuonda anali atawagula. Mu Seputembala 2025 bungwe la WHO linaika mankhwala a GLP-1 pa mndandanda wa mankhwala ofunikira kwa odwala shuga onenepa kwambiri amene alinso ndi mavuto a mtima kapena impso, ndipo chilolezo choti kampani imodzi yokha ndiyo ipange semaglutide chikutha mu 2026 m'maiko ngati India, China ndi Brazil. Amene mukuphunzira za mankhwala, zachuma ndi zamalamulo, nkhondo yanu ndi imeneyi. Tinaionapo kale ndi ma ARV: ankati ndi okwera mtengo kwambiri kwa Mwafirika, mpaka makampani a ku India atayamba kupanga otchipa ndipo anthu atachita phokoso. Mkwiyo umene tikuuthira pa mbale ya mtsikana mmodzi ukanagwira ntchito kumeneko.

Ndisanamalize ndilankhule ndi inu a pa corridor yathu, chifukwa ndikudziwa kuti ena mwawerenga zonsezi n'kungotolapo funso limodzi, loti amapezeka kuti. Ngati ukulemera makilogalamu 60 ndipo ukufuna kulowa m'diresi la graduation, mankhwalawa si ako. Sanayesedwe pa anthu ngati iwe, ndipo ngati uli kale ndi chizolowezi chodzimana chakudya kapena kudzisanzitsa, angakulowetse m'dzenje lakuya. Woyembekezera kapena wofuna kutenga pakati sayenera kuwagwiritsa ntchito. Ndipo cholembera chogula kwa munthu wa pa WhatsApp amene akuti wabwera nacho kuchokera ku Joni, chimene chayenda masiku awiri m'basi yotentha pamene chimafunika kukhala mufiriji, sudziwa chimene chili m'kati mwake. Mu Okutobala 2023 ku Austria anthu angapo anagonekedwa m'chipatala atadzibaya Ozempic wabodza, shuga wawo atatsika moopsa, ndipo mu Juni 2024 WHO inachenjeza za mankhwala abodza otere amene anapezeka ku Brazil, ku Britain ndi ku America. Ngati akulowa m'maiko okhala ndi alonda ochuluka chotero, kuno angalephere bwanji? Koma dziwaninso amene amapezera makasitomala ogulitsa amenewa. Ndi ife. Munthu amene akuopa kusekedwa sapita kwa dokotala masana. Amatumiza uthenga usiku, n'kubisa cholembera pansi pa matiresi.

Sabata yomaliza amayi anasintha okha, popanda wowauza. Anatulutsa kambale kakang'ono kachitsulo kamene achemwali ankadyera ali mwana, n'kumawaumbira kamtanda kamodzi kolingana ndi dzira la bakha, ndiwo zambiri pambali. Achemwali ankamaliza konse, mbale n'kuyera, amayi n'kumaitenga mokweza kuti aliyense aone. Msuweni sanapepese, ndipo sindinayembekezere.

Tsiku lonyamuka, tikukweza zikwama m'galimoto, azakhali anandikodolanso. Iwo ali ndi shuga ndi BP, mapazi amatupa, ndipo mwezi wina mankhwala amawapeza kuchipatala, mwezi wina amauzidwa kuti akagule. Anayang'ana uku ndi uku, n'kufunsa motsitsa mawu kuti, "Jakisoni wa mkulu wakoyu, amati ndi ndalama zingati?" Ndinatulutsa foni, ndinawerengera pa mtengo wa kubanki, n'kuwauza kuti ndi kuposa K400,000.

"Pachaka?"

"Pamwezi, azakhali."

Anaomba m'manja kamodzi, n'kukonza chitenje chawo, n'kupita kukathandiza amayi kukankhira thumba la ufa m'chikwama cha achemwali.